Ndaphunzira kusolola dirowa ndisanayamikire kabati

Sabata yatha aphunzitsi athu anatipatsa zithunzi ziwiri za makabati a ku America a zaka za m'ma 1700, n'kutiuza kuti titchule mzinda umene iliyonse inapangidwira. Ine ndinangoti zonse n'za ku London. Kalasi yonse inaseka, koma sindinasochere kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo dzikolo linkalamulidwa ndi Angerezi, ndipo amisiri ambiri ankatengera buku la zojambula limene Thomas Chippendale, mmisiri wa mipando wa ku London, anasindikiza mu 1754.

Kutengera kunalipo, koma mzinda uliwonse unali ndi dzanja lake. Ku Philadelphia, amisiri ngati Thomas Affleck, wobadwira ku Scotland amene anafika mumzindawo mu 1763, ankakonda makabati ataliatali osemedwa masamba ndi maluwa mpaka pamwamba. Ku Newport, Rhode Island, mabanja awiri okwatirana, a Townsend ndi a Goddard, sankachulutsa zokometsera. Kumaso kwa kabati ankakugawa patatu: m'mbali motukuka, pakati molowa, pamwamba pake n'kusemapo zigoba zonga za nkhono za m'nyanja. Ndinayesera kusema chigoba chimodzi pa kathabwa ka paini. Mizere yake iyenera kuyenda ngati mafunde, koma yanga inatuluka ngati mizere ya m'munda wolimidwa usiku. Masana onse anathera pomwepo, chala chamanthu chili ndi matuza.

Yang'ananinso miyendo. Pansi pake pamakhala phazi la mbalame litafumbata mpira, ndipo a ku Newport nthawi zina ankaboola kampata pakati pa chikhadabo ndi mpirawo, moti kuwala kumadutsa. Zonsezi popanda makina a magetsi!

Chimene chandikhala kwambiri m'mutu n'zimene aphunzitsi anachita kenako. Anatiwonetsa dirowa yosololedwa, yotembenuzidwa chadodolido. Kumaso kuli mahogany, koma m'kati muli matabwa otsika mtengo a m'dera lomwelo. Akadaulo akapeza matabwa a chestnut amaganizira za New England, dera limene kuli Newport. Akapeza cedar yoyera, maganizo amapita ku Philadelphia. Ngakhale kadulidwe ka mano olumikizira ngodya za dirowa kamaulula mmisiri: mano odulidwa ndi John Townsend ndi aang'ono, ofanana bwinobwino, pamalo pamene mwini kabati sankayang'anapo n'komwe.

Mahogany ameneyo ndi m'bale wake wa mbawa yathu. Ankachokera ku Jamaica, ku Honduras ndi madera ena a Caribbean, ndipo ogwetsa mitengoyo ndi kuikokera kumitsinje ambiri anali akapolo ochokera ku Africa. Newport yomweyo inali doko lotchuka pa malonda a akapolo. Mu 1989, desiki ya ku Newport yomwe inapangidwira wamalonda wina, Nicholas Brown, inagulidwa madola 12.1 miliyoni ku New York. Dzina la mwini desiki ndalilemba m'kope, mayina a amisiri ndawaloweza pokonzekera mayeso. A amene anagwetsa mtengowo ndawafunafuna m'zolemba zonse zimene tinapatsidwa, mulibe ngakhale limodzi.