Waya wakuda wandidyera masiku anayi

Ndaupeza waya umene umatizimitsira magetsi, abale! Dzulo masana, ndikukwawa mu siling'i, malata akuwotcha msana, thukuta lili kamukamu.

Vuto lake ndi la nyumba tikuchita lendi ku Rosettenville, mu Johannesburg: mayi akunyumba akangoyatsa ketulo, earth leakage pansi (switchi yodula magetsi ikaona kuti ena akuthawira kwina). Poyamba ndinanamizira ketuloyo mpaka kugula ina. Zomwezo. Ndinatsitsa ma breaker onse, maswitchi a mbali iliyonse ya nyumba, kusiya ya kukhitchini yokha, ikugwabe. Masiku awiri athunthu ndinathera pa geyser, thanki yotenthetsera madzi, kumasula element yake yosalakwa kanthu.

Chimene ndinaiwala n'choti breaker imadula waya wamoto wokha. Ma neutral onse, mawaya akuda obwezera magetsi, amakumanabe pa bar imodzi mu DB, bokosi la ma breaker. Ndiye neutral ya mababu akuchipinda ikakhudza earth, waya kapena chitsulo cholumikizidwa kunthaka, magetsi ena obwerera kuchokera ku ketulo amathawira komweko ngakhale breaker yakeyo ili pansi. Ketulo ya 2000W pa 230V imakoka pafupifupi 9A, pomwe earth leakage imangofuna 30mA kuti igwe. Firiji yokha simaigwetsa, n'chifukwa chake usiku kumakhala zii.

Ndinabwereka Megger, mita yoyezera ngati waya akutaya magetsi, kwa achimwene ena akutchalitchi, kuzimitsa main, kuchotsa ma neutral umodziumodzi n'kumayeza pa 500V. Ena onse anadutsa 1 megohm, kusonyeza kuti ali bwino. Umodzi, wa mababu akuchipinda, ziro: ukukhudza earth.

Zimene ndinaona m'mwambamo sizinandigonetse. Mawaya ndi akalekale aja, a labala wokutidwa ndi nsalu, odutsa m'mapaipi achitsulo. Ukangokhudza, labala akuyoyoka ngati chigumu chouma. Pakamwa pa paipi ina waya wakuda unali mbulanda, wagona pachitsulo. Chapafupi pomwepo wina analumikiza waya wofiira pongopota n'kukulunga tepi, ndipo thabwa lada ndi kutentha. Pansi pake m'pamene ana amagona.

Ma connector olumikizira mawaya ndinakagula kwa bambo wina wachikulire wa kashopu ka ku Booysens, amene amadula waya wa 1.5mm pa mita osakukakamiza rolo yonse. 

Circuit ya mababu akuchipindayo ndaichotsa pa DB, kuchipinda tikuunikira nyale yotchaja ya nthawi ya load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana. Eni nyumba ndawatumizira zithunzi, akuti abweretsa electrician wolembetsedwa, poti CoC, chikalata chotsimikizira kuti mawaya ali bwino, ine sindingasaine. Ndikufuna mawaya a nyumba yonse akhale okutidwa ndi pulasitiki ya PVC Khirisimasi isanafike, kenako inverter yopereka magetsi a batire akazima. Za mapulagi sindinatsegule n'komwe.