Lipoti la ulendo wokaphunzira kukonza maziko a makhadi ndi inki ndi zidindo

Gulu lathu lopanga pamanja makhadi a mafuno abwino linapita kukacheza kwa gulu lina lomwe lakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri kuposa ife, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wolemba zimene tinaona kuti anzathu amene sanathe kupita nawo asatsalire. Tinanyamuka anthu 11, aliyense atatenga zidindo zake, timabokosi ta inki ndiponso makhadi angapo amene anakanika, popeza otilandira anatipempha kuti tibweretse olakwika osati okongola okhaokha. Cholinga chathu chinali kuphunzira kukonza maziko a khadi, kutanthauza mitundu ndi timaluwa timene timayalidwa papepala uthenga kapena chithunzi chachikulu chisanaikidwe pamwamba. Apa ndi pamene tinkalephera kawirikawiri, chifukwa maziko athu ankatuluka a mathothomathotho, ena ofufutika ndi zala, ndipo tinkangodandaula kuti manja athu ndi olemera.

Mayi amene amatsogolera gululo anayala makhadi athu olakwikawo patebulo, nawayang'ana limodzilimodzi mosafulumira, kenako anafunsa kuti, "Kodi anzanga, inki imene munadindira apa ndi ya gulu liti?" Tonse tinangoti duu, poti ife tinkasankha inki poyang'ana mtundu wake basi, yofiira kapena yobiriwira. Iwo anatifotokozera kuti inki yodindira ili m'magulu atatu akuluakulu. Ya dye ndi yamadzimadzi, imalowerera m'pepala, imauma msanga ndipo imaonetsa zimene zili pansi pake, koma imasuluka ikakhalitsa padzuwa. Ya pigment ndi yokhuthala, imakhala pamwamba pa pepala osalowerera, mtundu wake ndi wokhwima ndipo imaoneka ngakhale papepala lakuda, koma imachedwa kuuma. Yachitatu, monga StazOn, inakonzedwera zinthu zosamwa madzi ngati pulasitiki, galasi ndi chitsulo. Atatero anatola khadi langa lina lomwe linali ndi chizindikiro cha chala changa chachikulu pakona, nandiuza mwaulemu kuti ndinadinda inki ya pigment papepala losalala lonyezimira, pomwe inki yotere ikhoza kukhala yosauma kwa masiku. Vuto silinali manja athu ayi, koma tinkakwatitsa inki ndi pepala zosagwirizana.

Za pepala anatiuza mwachidule. Kulemera kwake kumalembedwa pa paketi ndi nambala ya gsm, kutanthauza magalamu a pepala lalikulu mita imodzi mbali zonse, ndipo pepala la mu ofesi la 80 gsm limakwinyika likangonyowa, pomwe lolimba la pakati pa 250 ndi 300 gsm limapirira. Pa ntchito iliyonse yofuna madzi ambiri iwo amagwiritsa ntchito pepala lojambulira ndi utoto wamadzi la 300 gsm. Pepala la A4 likadulidwa pakati limapereka ma A5 awiri, ndipo A5 ikapindidwa imakhala khadi la A6 la masentimita 10.5 m'lifupi ndi 14.8 m'litali. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti iwo sadinda pa khadi lenilenilo. Maziko amawakonza pa kapepala kapadera kocheperako pang'ono, ndipo amakamata pa khadi pokhapokha kakatuluka bwino, motero chikalakwika amataya kapepala kokha.

Phunziro loyamba logwira ndi manja linali lopaka inki ndi siponji. Mtsikana amene anatiphunzitsa anaika kapepala pa chipepala china chotayika, nagunditsa siponji pa inki ya dye, kenako anayamba kuizunguliza kunja kwa kapepalako asanailowetse m'kati, kuti inki yambiri ithere pa chotayikacho. Dzanja lake linkayenda mopepuka kwambiri moti poyamba sipankaoneka chilichonse, koma atabwereza kanayi kapena kasanu mtundu wachikasu unayamba kutuluka ngati kunja kukucha, nukalumikizana ndi wofiirira popanda mzere wowalekanitsa. Ine ndinafuna kuonetsa changu, ndipo ndinaika wofiira pafupi ndi wobiriwira, koma pamene inakumanirana panatuluka mtundu wa matope. Anandiuza kuti zimenezi zimachitika nthawi zonse ukasakaniza mitundu yotsutsana, monga wofiira ndi wobiriwira, wa buluu ndi wa olenji, kapena wachikasu ndi wa pepo, ndipo kuti woyamba kumene ayenera kusankha mitundu yoyandikana, monga wachikasu, wa olenji ndi wofiira.

Pa kudinda kwenikweniko tinaphunzira zinthu zimene zikuoneka zazing'ono koma zimasintha khadi lonse. Chidindo amachigoneka chagada n'kumachigunda pang'onopang'ono ndi kabokosi ka inki, m'malo mochikanikiza pa inki monga momwe timadindira makalata mu ofesi. Pochiika papepala amachitsindira molunjika osachigwedeza. Akadinda kamodzi amadindanso kachiwiri ndi kachitatu osawonjezera inki, ndipo zithunzi zozimiririkazo zimaoneka ngati masamba amene ali kutali. Amaonetsetsanso kuti zithunzi zina zadukira m'mphepete mwa pepala, kuti maziko aoneke ngati adulidwa ku chinthu chachikulu, osati ngati zaunjikidwa pakati. Akafuna kuti duwa lina libisale kuseri kwa linzake, amadinda lakutsogolo poyamba, n'kuliphimba ndi kapepala kodulidwa mofanana nalo, kenako n'kudinda lachiwiri modutsa pamwamba pa chophimbacho.

Njira imene inatigwira mtima tonse ndi yogwiritsa ntchito ufa wa embossing, womwe umasungunuka ukatenthedwa n'kusiya chithunzi chotukuka, ndipo apa tinathera nthawi yaitali. Mtsogoleri uja anayamba ndi kupukuta pepala loyera ndi kathumba ka ufa wosalala, kuti mafuta a zala asakole ufa wa embossing pamalo osayenera. Kenako anadinda masamba ndi VersaMark, inki yopanda mtundu koma yomata ndi yochedwa kuuma, moti tinkachita kupendeketsa mitu kuti tione pamene adinda. Anathira ufa woonekera pamwamba, nagwedeza pepala kuti wotsala ubwerere m'botolo, ndipo anayatsa kamakina kotulutsa mpweya wotentha. Patapita kanthawi kochepa ufa uja, womwe unali ngati mchenga, unasungunuka nuyamba kunyezimira kuchokera mbali imodzi kupita inzake, ndipo iwo ankasuntha kamakinako pomwepo chifukwa kukhalitsa pamalo amodzi kumapsereza pepala. Litazizira anapaka inki ya buluu pepala lonse, napukuta ndi kansalu, ndipo masamba aja anatulukira oyera mbuu pakati pa buluu, popeza ufa wosungunuka ndi pulasitiki ndipo sumwa inki. Mnzathu wina anafunsa ngati makina owumitsira tsitsi angagwire ntchito yomweyo, koma anayankhidwa kuti mphepo yake imauluza ufa ndipo kutentha kwake sikufika posungunula.

Njira zamadzi tinangozidutsa. Inki ya Distress, yopangidwa ndi kampani ya Ranger, imasungunukanso ikakhudzana ndi madzi, choncho ukawaza timadontho pa maziko opakidwa kale n'kupukuta, pamatsala timawanga toyererako. Ena amapaka inki pa pulasitiki, n'kuwazapo madzi, n'kugonekapo pepala, ndipo ena amawaza mchere pa inki yonyowa. Kunena chilungamo, ine njira zimenezi sizinandikhutiritse kwenikweni, chifukwa zotuluka zake zimadalira mwayi, ndipo munthu wofuna makhadi 20 ofanana sangazidalire. Anzanga ambiri komabe anazikonda pa chifukwa chomwecho.

Pa nthawi yopuma, bambo wina wachikulire wa m'gululo anationetsa kusiyana kwa zidindo za labala wofiira ndi zoonekera za photopolymer, zomwe zimamatirira pa kachidutswa ka pulasitiki yolimba kotero kuti umaona pamene ukudinda. Iwo amakondabe za labala chifukwa zimatulutsa timizere ting'onoting'ono bwino ndipo zimakhalitsa. Anatikumbutsa kuti labala wolimba wotereyu anatheka chifukwa cha njira yophika mphira ndi sulufule, imene Charles Goodyear analembetsa mu 1844, patangopita chaka chimodzi Henry Cole atasindikizitsa ku London khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa, lojambulidwa ndi John Callcott Horsley mu 1843. Makhadiwo analipo 1,000, ndipo ngakhale anasindikizidwa ndi makina, mitundu yake inapakidwa pamanja.

Nafenso sitinapite chimanjamanja. Mayi wina wa gulu lathu anawaphunzitsa kusema zidindo pa labala wofufutira pensulo, nawachenjeza kuti zilembo zisemedwe chotembenuza kuti zikawerengeke bwino papepala, ndipo otilandirawo anasangalala kwambiri chifukwa ankadalira zogula zokhazokha. Pomaliza aliyense anaika khadi lake patebulo kuti anzake alione. Langa linali ndi mitundu inayi, masamba, timadontho ta madzi ndi ufa wonyezimira, ndipo ndinkaliona ngati lopambana onse. Mtsogoleri uja analiyang'ana, namwetulira, nati, "Mwachita bwino mayi, koma maziko ali ngati mphasa, ndipo mlendo wokhalapo ndi uthenga. Nanga apa mlendo akhala pati?" Ndinayesa kuikapo mawu a mafuno abwino ndipo anasoweratu m'chipwirikiticho, mpaka anandithandiza powadinda ndi inki yakuda pa kapepala koyera n'kukamata pamwamba.

Tisanatsanzike tinatsuka zidindo ndi nsalu yonyowa, ndipo anatilangiza kusunga timabokosi ta inki ya dye titativundikira chozondotsa kuti inki izikhala pamwamba pa kansalu kake. Pobwerera tinagwirizana kuti pa msonkhano wotsatira membala aliyense abweretse inki yake yonse, kuti tilembe pansi pa kabokosi kalikonse ngati ndi ya dye kapena ya pigment, ndiponso tidinde iliyonse pa mapepala atatu osiyana n'kulemba mphindi zimene yatenga kuti iume. Otilandira aja alonjeza kudzabweza ulendowu, ndipo apempha kuti tidzawakonzere malabala ofufutira okwanira komanso timipeni tosemera.