Kawayilesi kanga kankangonong'ona, ine n'kukataya tsiku lonse ku Limbe

Dzulo usiku kawayilesi kanga kamveka ku Ulaya ndi ma watt anayi ndi theka, ndiye ndati ndilembe msanga mkwiyo usanazizire. Ndi ka transceiver, kotumiza ndi kulandira mauthenga, ka CW (Morse code) kokhakokha, ka bandi ya 20 metres, kaja kobwera zidutswa m'timapepala, iwe n'kumalumikiza wekha. Za laisensi ya ku MACRA ndi call sign ya 7Q, dzina lodziwikira siteshoni ya ku Malawi, sindinenapo, amene mukuwerenga izi munadutsamo kale. Ndinakamanga masiku asanu kuno ku Ngabu mu Okutobala, thukuta likudonthera pa bolodi. Kulandira kankalandira bwino kwambiri. Koma ndikaitana CQ, kuja kuitana aliyense amene akumva, pa 14.060 MHz, zii. Sabata ziwiri, palibe ndi mmodzi yemwe woyankha.

Ndinenetu poyambirira, chifukwa ine ndinazichita pomalizira: yezani voteji pa wayilesi penipeni, mutakanikiza key, kaja kogogodera Morse. Osati pa batire. Osati wayilesi itangokhala.

Ndinalibe choyezera mphamvu, ndiye ndinapanga dummy load, cholowa m'malo mwa antenna poyeza, ya ma resistor 20 a 1k, onse miyendo pamodzi, zomwe zimapereka 50 ohms. Pamwamba pake ka diode ka 1N4148 ndi ka capacitor, basi mita wamba imawerenga voteji ya pansonga. Masamu ake ndi a ku pulayimale: onjezani 0.6 ya diode ija, chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, gawani ndi 100. Ma watt 5 amafuna kuti mita ionetse ma volt pafupifupi 22. Kanga kanaonetsa 12. Ndiye kuti watt imodzi ndi theka ndi pang'ono. Musayezere pa antenna, chifukwa simudziwa ngati wolakwa ndi wayilesi kapena waya wapamtengo.

Apa m'pomwe nzeru zinandithawa. Ndinangogamula kuti ma transistor a kumapeto, ti BS170 titatu tija, ndatiwotcha powotcherera. Umboni ndinalibe. Ndinangotigwira ndi chala, n'kumva kuti tikutentha, osaganiza kuti kuno ku chigwa mu Okutobala ngakhale supuni ya m'kabati imatentha.

Ndinafunsa anyamata okonza mafoni ndi ma TV pa Ngabu ndi pa Nchalo, onse akuti pitani m'tauni. Loweruka ndinalawira tambala asanalire kachiwiri. Minibasi inaima pa siteji maola awiri kudikira kuti idzaze, injini ikulira ngati tinyamuka pompano. Titadutsa mlatho wa Kamuzu ndi rodibuloko ya pa Thabwa, galimoto inayamba kubwata pokwera phiri, tonse pansi, kondakitala akuthamanga ndi chigubu kukapempha madzi. Ku Limbe ndinafika dzuwa lili paliwombo. Shopu yoyamba sadziwa n'komwe. Yachiwiri akundionetsa ma transistor a amplifaya ya m'bala. Yachitatu, bambo wina wa magalasi anatsegula kadirowa n'kutulutsa titatu takuda.

“Achimwene, izi ndi zomwezo, dzina lokha ndilo lasiyana.”

“Zoona bambo? Miyendo yake ndi chimodzimodzi?”

“Aaa, ingoikani. Timagulitsa tsiku lililonse.”

Zinali 2N7000. Mtengo wake sindiutchula, mungandiseke, koma mukaphatikiza ndi thiransipoti yopita ndi kubwerera, ndi chipisi chomwe ndinadya chiimirire, ndalamayo inali yogula ndiwo za sabata yathunthu. Pobwerera tinakhala anayi anayi pampando, ine thumba la kabichi la mayi wina lili pamiyendo mpaka pa Nchalo. Ndinafika kunyumba mdima utagwa, magetsi atazima, soldering iron osagwira ntchito. Amake mwana anangondiyang'ana n'kufunsa kuti katundu wa ku Blantyre ali kuti. Ndinawaonetsa tinthu titatu tonga nyemba pachikhatho. Sanayankhe.

Tsopano mverani. 2N7000 ndi BS170 ndi pachibale ndithu, koma miyendo yake ndi yotembenuzana. Pomwe ina ili ndi drain, inzake ili ndi source, gate yokha ndiyo ili pakati pa zonse ziwiri. Ine ndinazula zabwinobwino zija, n'kuika zatsopanozo moyang'ana momwe zakale zinkayang'anira. Kungolumikiza batire, fyuzi phwa! Mkati mwa transistor yotere muli ka diode, ndiye ukaitembenuza magetsi amangodutsa ulere kupita ku ground. Mwayi wake ndinali nditaika fyuzi ya 2 amp pa waya. Pozula ndinasendanso kanjira kamodzi ka kopa pa bolodi, moti pano pali kawaya kolumpha ngati chigamba cha pa thalauza. Bambo wa magalasi uja mpaka lero ndikamukumbuka mtima umandiwawa. Kunena kuti sindikudziwa kukanamuvuta chiyani?

Ndinabwezeretsa ti BS170 takale tija, miyendo itafupika. Mita: 12, monga kale. Tinalibe vuto lililonse.

Ndaiwala kunena za batire. Ndimagwiritsa ntchito batire ya njinga yamoto yomwe inatopa kale, yotchajidwa ndi kasola ka padenga, ndipo waya wochoka pamenepo unali uja wopyapyala wa sipika, mamita atatu, ndi zopanira zadzimbiri. Pa batire mita inkati 12.6, ine n'kumakhutira. Tsiku lomwe ndinaika mita pa wayilesi penipeni n'kukanikiza key, inagwa kufika pa 10. Mphamvu yotuluka simatsika mofanana ndi voteji, imatsika mowirikiza: voteji ikachepa ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi la magawo anayi. Ndinabwereka batire ya galimoto kwa alamu anga, waya wonenepa waufupi, zopanira ndakwecha ndi sandipepa. Voteji inakhazikika pa 13 yosakwana pang'ono, mita ya pa dummy load n'kukwera kufika 16. Ma watt oposa awiri ndi theka, osagula kanthu, osakwera minibasi. Yezani pa wayilesi, key mutakanikiza. Mphindi imodzi yokha.

Zotsalazo zinali m'ma toroid a low pass filter (sefa yotchinga ma frequency apamwamba), timphete tachikasu tija timakulunga waya tokha. Ndinapita nako kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika kuti andibwereke galasi lake lokuza zinthu. Iye ndiye anawerenga, chifukwa maso anga ayamba kunama.

“Aphunzitsi, buku lanuli likuti 16, koma apa ndikupeza 17.”

Anabwereza katatu ndi nsonga ya singano. Mphete ziwiri mwa zitatu zinali ndi mkombero umodzi wowonjezera. Kawerengedwe kake n'kakuti nthawi iliyonse waya ukadutsa pabowo la pakati, ndi mkombero umodzi, ngakhale woyamba uja wooneka ngati sunazungulire. Ine pa mphete ziwirizo woyambawo sindinauwerenge. Mikombero ikachuluka, sefa ija imayamba kudula m'munsi, n'kumadya ndi 14 MHz yomwe ukufuna ituluke. Njira yachidule yowerengera ndi kujambula ndi foni n'kukuza chithunzicho, m'malo motsinzinira pa bolodi.

Pochotsa mkombero ndinapezanso china. Mwendo umodzi wa mphete unali ndi mtovu wonyezimira bwino pamwamba, koma utoto uja wa pa waya, enamel, sunapse wonse. Unkangogwira ndi kansonga. Palani ndi lezala mpaka kopa aoneke mbee, pakani mtovu musanalowetse pabowo, kenako yezani ndi mita kuchokera pa pad ina (kamalo ka kopa kowotcherapo pa bolodi) kufika pa inzake, osati pa waya. Akuti kutentha kwa soldering iron kumasungunula utotowo, inde, koma yanga ya ma watt 30 pa magetsi ofooka a madzulo sinkakwanitsa.

Kenako ndinangoseweretsa mikombero, kuitalikitsa pang'ono ndi chikhadabo, kuyeza, kuifinya, kuyeza. Osakanikiza key nthawi yaitali, masekondi atatu akwana, poti ti transistor tija tilibe pothawira kutentha ndipo m'nyumba mwanga masana mumaposa madigiri 40. Inafika pa 21 n'kukana kupitirira. Ndinaisiya pomwepo. Kufunafuna theka la watt lotsalalo n'kumene anthu amawotchera zinthu, ndipo wa ku Ulaya sangamve kusiyana kwake.

Antenna ndi dipole wamba, mbali iliyonse mamita asanu ndi pang'ono, yomangidwa pa mtengo wa nimu ndi nsungwi. Ndinaitana CQ kanayi cha m'ma 6 koloko madzulo, n'kuona pa Reverse Beacon Network, tsamba la pa intaneti losonyeza komwe wamveka, kuti masiteshoni awiri andimva. Kachisanu wina anayankha, mofooka koma momveka, dzanja langa likunjenjemera pa key mpaka ndinalakwitsa call sign yanga yomwe.

Ti 2N7000 tija ndatisunga m'kabotolo ka Vaseline pawindo. Alamu akufuna batire yawo Lachisanu.