Lipoti la ulendo wathu wokaphunzira kwa anzathu a ku Nkhoma

Anzanga alangizi a zaumoyo, popeza mwakhala mukundinena pa WhatsApp kuti mlembi wagona, nali lipoti la ulendo wathu wa Loweruka lapitali, wokaona mmene anzathu a dera la Nkhoma amayendetsera kiliniki ya m'mudzi.

Tinapangana kunyamuka pa depoti ya Lilongwe 6 koloko m'mawa, koma minibasi inachoka 8 koloko itadutsa, chifukwa a Msungichuma anabwerera kunyumba kukatenga envulopu ya ndalama za mafuta. Titadutsa pa Nathenje, tisanafike pa Kamphata pomwe msewu wa ku Nkhoma umapatukira, tinapeza wakabaza wa njinga yamoto atagwa pamodzi ndi mnyamata amene anamunyamula, ndipo mnyamatayo anali atang'ambika mwendo mmunsi mwa bondo. Anthu anali atamuzinga, ena akufuna kumuthira dothi pabala. Apa ndiyenera kulemba zoona ngakhale zili zochititsa manyazi. Chikwama chathu cha magolovesi ndi mabandeji chinali pansi pa mpando wakumbuyo, chitapsinjidwa ndi kreti ya zakumwa komanso thumba la kabichi limene a Wapampando anali atangogula kumene, ndipo ife anthu 14 ophunzitsidwa bwino tinayamba kufunsana kuti anachiika kumeneko ndani. Mayi athu aakulu aja, amene timawaseka kuti amawodzera pa maphunziro alionse, ndiwo anavala majumbo m'manja, napinda chitenje chawo chatsopano, napsinja balalo osasiya mpaka magazi anachepa. "Ana inu, mudzakangana madzulo, tagwirani mwendowu," anatero osatiyang'ana n'komwe. Mnyamatayo tinamutenga pa minibasi yathu mpaka kuchipatala.

Maphunziro enieniwo anayamba cha m'ma 11 koloko. A clinical officer amene anatilandira anatikumbutsa kuyeza malungo tisanapereke LA, kupereka Thanzi pamodzi ndi zinc kwa mwana wotsekula m'mimba, ndiponso kutumiza mwamsanga mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa, kapena amene tepi yoyezera kunyentchera pamkono yasonyeza kufiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5.

Chimene chinandikhudza ine ndi kuwerenga mpweya. Tonse timaloweza kuti mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu malire ake ndi 40. Koma atatipatsa kamtsikana ka zaka ziwiri kali pamiyendo pa mayi ake, ine ndinapeza 38, a Wachiwiri kwa Wapampando anapeza 52, pamene aphunzitsi athu, atadikira kuti mwanayo aleke kulira ndi kumukweza malaya bwinobwino, anapeza 44. Ndiko kunena kuti ine ndikanamubweza kunyumba mwana wachibayo wopanda amoxicillin. A Wachiwiri asanyade, chifukwa iwo ankawerenga ndi kusisima komwe.

Pa nkhomaliro anatikonzera nsima ya mgaiwa, nkhuku ya lokolo ndi chisoso. Nkhani ya nthutumba ndiifupikitsa, popeza onse okhudzidwa ndi akuluakulu, koma zilembedwe kuti a Wapampando anaifunafuna m'mbale zonse zitatu, ndipo gulu linagamula kuti inapita koyenera, kwa mwini chitenje uja.

Tikuthokoza anzathu a ku Nkhoma, amayi amene anatilola kuphunzirira pa ana awo, ophika, komanso adalaivala amene sanadandaule za magazi pampando. Tinagwirizana kuti chikwama cha chithandizo choyamba chizikhala pamiyendo pa mlembi, ndiponso kuti aliyense asonkhe K1,000 yogulira mayi athu chitenje china pofika Lachisanu. Ndalamazo muzipereka kwa ine, osati kwa a Msungichuma.