Phazi pa pedulo, bondo kutsogolo

Katuni yochitikira ku Chipata singakhale yopanda njinga. Nʼchifukwa chake amene ndikumupanga mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira makatuni, masiku ano ndi mnyamata wonyamula anthu panjinga, ngati aja amadikira makasitomala cha ku msika wa Kapata. Kumuumba sikunandivute. Ntchito yagona pa kumupalasitsa.

Mkati mwa chidole cha pakompyuta timaikamo mafupa olumikizana: ntchafu, msongolo, phazi. Njira imodzi yowayendetsera ndi forward kinematics, ife timangoti FK. Umayamba wapinda ntchafu, kenako bondo, kenako phazi, ndipo phazilo limakathera kumene mafupa apamwamba alifikitsa. Tsono pedulo ikuzungulira, sekondi imodzi ya kanema ili ndi zithunzi 24 kapena 25, ndipo pachithunzi chilichonse phazi liyenera kukhala ndendende pa pedulo. Ukaphonya pangʼono, limaoneka likutsetsereka, mwina kulowa mʼkati mwa chitsulo. Ngakhale mwana amaona kuti apa pali bodza.

Inverse kinematics, kapena IK, imayambira kumapeto. Iwe umangonena pamene phazi liponde, kompyuta nʼkuwerengera yokha mmene ntchafu ndi bondo zipindikire kuti lifikepo. Masamu akewo akatswiri a maroboti amawagwiritsa ntchito poyendetsa mikono ya makina mʼmafakitale. Mwendo ukakhala wa mafupa awiri, ndi cosine rule yomwe ija tinkalimbana nayo ku sekondale: mbali zitatu za thirayango zikadziwika, ngodya zake zimapezeka. Chimandisangalatsa kwambiri chimenechi.

Ine ndimaika IK pa msongolo, chain length, chiwerengero cha mafupa amene IK igwire, nʼkuika 2 kuti isakoke msana wonse, kenako kachogwirira kamene phazi limatsatira ndimakamangirira ku pedulo. Ndikazungulitsa pedulo, miyendo yonse iwiri imapalasa. Koma bondo silidziwa kolowera, likhoza kupindikira chammbali kapena kumbuyo. Limafuna pole target, kadontho kamene umaika kutsogolo kwake kuti liziloza komweko. Chinanso, mwendo ukawongoka mpaka kumapeto, bondo limadumpha mwadzidzidzi, thwaa. Mankhwala ake ndi omwe amadziwa wokonza njinga aliyense: tsitsa chishalo pangʼono kuti bondo likhalebe lopindika pedulo ikafika pansi.

Manja nawo ali pa IK chifukwa agwira mahandulo. Koma mnyamatayo akakweza dzanja kuitana kasitomala, "Amayi, tiyeni!", ndimalibwezera ku FK. IK imakokera dzanja molunjika kumene walituma, pamene mkono wa munthu umayenda mokhota kuchokera paphewa. Mafupa okonzeratu otchedwa Rigify, omwe amapezeka mu Blender momwemo, ali ndi posinthira pakati pa njira ziwirizi, ndiye sizitenga nthawi.

Chimene IK singakupatse ndi kulemera. Siidziwa kuti kuno nʼkumapiri, siidziwanso kuti pa kaliyala pakhala amayi ndi thumba la mbatata. Wopalasa pachitunda amatsamira mbali ya mwendo umene ukuponda, chiuno chimapendekera uku ndi uku, phewa limatsika, chidendene chimamira pedulo isanafike pansi. Izi ndimaika ndi manja. Ndinapempha mnyamata wina kuti ndimujambule ndi foni akukwera chitunda, ndipo sabata ino ndikukonza chiuno chokha, kanema wake ali pambali, chithunzi ndi chithunzi, batire la laputopu likalola.