Sabata ya m'matope, kusaka nkhono zobwera ndi sitima

Sabata ino tinali m'nkhalango ya mangrove, mitengo yomera m'matope a madzi amchere m'mphepete mwa nyanja, yomwe ili kuseri kwa doko. Ntchito yathuyi imayendera madzi, akaphwa m'bandakucha ndiye kuti m'bandakucha womwewo tili kale m'matope ndi majombo, akayamba kubwerera timanyamuka basi.

Lolemba ndi Lachiwiri kunali kuwerenga. Timaika chimango cha mita imodzi pansi n'kuwerenga chamoyo chilichonse mkatimo, nkhanu, nkhono, tiana ta nsomba totsalira m'zithaphwi. Chomwe tikusaka kwenikweni ndi Mytella strigata, kankhono ka zigoba ziwiri kochokera ku Central ndi South America, kanapezeka ku Singapore mu 2016 ndipo pano kafika ku Kerala ndi Chennai ku India. Kakakhazikika kamayala ngati mphasa pamatope ndi pamizu, ndiye nkhono zenizeni zapamalopo zimasowa pokhala, nawo anthu otola nkhono amabwerera chimanjamanja.

Lachitatu tinacheza ndi asodzi, ndipo kunena zoona tsiku limeneli ndi lomwe ndimalikonda. Mkulu wina anatitengera kumapeto kwa ngalande yotulutsa madzi oipa a mtauni, akuti waona tizigoba tachilendo pa zingwe za boti lake. Ine sindinadabwe ayi, zonyansa za mtauni zimachulukitsa ndere ndi tizakudya tina m'madzi, ndiye nkhono zosefa madzi ngati izi zimanenepa pompo. Tauni ikamakula sitima zimachuluka, ndipo zamoyozi zimabwera zitamatirira kunsi kwa sitima kapena mmadzi a ballast, aja sitima imamwa kuti isapendeke n'kukawalavula doko lina. Pangano la IMO, bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja, lokhudza madzi amenewa linavomerezedwa mu 2004 koma linayamba kugwira ntchito mu 2017, zaka zonsezo m'madoko ambiri madzi amangotayidwa.

Chimandisowetsa tulo ndi choti ku Darwin, Australia, mu 1999 anakwanitsa kupha mtundu wina wa nkhono, Mytilopsis, pothira chlorine ndi copper sulphate, koma zinatheka chifukwa munali m'marina, madoko aang'ono oimikapo maboti, otsekeka ndi mageti. Mu mangrove mulibe geti, komanso mankhwala otero angaphe nkhanu ndi ana a nsomba onse.

Lachinayi ndinakhalira labu, masampulo a pa zingwe aja ndawaika mu ethanol kuti akayezedwe DNA chifukwa ndi maso okha mitunduyi imasokoneza. Lachisanu lipoti, ndipo ndapempha kuti malo a pa ngalandewo tiziwayendera mwezi ndi mwezi limodzi ndi asodziwo.