Likulu la chigawo ku America: ulemu wambiri, thumba lobooka

Zigawo zonse 50 za ku America zili ndi malikulu awo, ndipo ambiri amayesa kuti meya wa mzinda wotero zinthu zimamuyendera popeza bwanamkubwa ndi aphungu ali pakhomo pake. Mukatsegula mabuku a ndalama a khonsolo mupeza zina.

Khonsolo imadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba. Akatswiri amawerengera mtengo wa nyumba iliyonse, makhansala amagwirizana mlingo wa chaka chimenecho, eni nyumba n'kulipira. Koma nyumba za boma la chigawo sizikhoma msonkhowu: nyumba ya malamulo, makhoti, maofesi onse aja. Mayunivesite, matchalitchi ndi zipatala zosachita malonda nazonso ayi. Ku Hartford, likulu la Connecticut, pafupifupi theka la chuma cha malo ndi nyumba silikhomedwa msonkho. Chikhalirecho moto ukabuka mu ofesi ya boma, amene amathamangira ndi ozimitsa moto a khonsolo. Misewu imene ogwira ntchito m'boma amadutsamo m'mawa amakonza ndi khonsolo, madzulo anthuwo n'kubwerera kumatauni oyandikana, komwe amakhoma msonkho wawo. Mtolo wonse umatsalira eni nyumba ochepa. Mlingo ukakwera ena amasamuka, otsalawo n'kuwakwezeranso.

Mankhwala ake amati ndi PILOT, ndalama zimene chigawo chimapereka m'malo mwa msonkho. Lamulo la Connecticut linkanena 45 pa 100 iliyonse ya msonkho wotayika pa malo a boma, ndi 77 pa makoleji ndi zipatala. Vuto lake, ndalamazo zimadikira bajeti ya chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zambiri aphungu ankapereka zoperewera. Mu 2018 chigawo chinachita kusenza ngongole ya Hartford ya madola pafupifupi 550 miliyoni, koma posinthana ndi kuyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za mzindawo.

Mbali ya mphamvu ndiye yowawa kwambiri, ine ndikuona choncho. Kuyambira 1868, pamene woweruza John Dillon wa ku Iowa anagamula kuti mzinda uli ndi mphamvu zokhazo zimene chigawo chaupatsa, aphungu akhoza kufafaniza zimene khonsolo yagwirizana. Likulu ndilo limalawa izi msanga, chifukwa aphunguwo amaona zolakwika zake ndi maso awo, makamaka ngati chipani cha meya ndi chawo n'zosiyana. Austin, likulu la Texas, itadula bajeti ya apolisi mu 2020, nyumba ya malamulo ya Texas inakhazikitsa lamulo mu 2021 lolanga mizinda ikuluikulu yochita zimenezo, ndipo ndalamazo zinabwezedwa. Harrisburg, likulu la Pennsylvania, inapempha khoti kuti iitchule yolephera kubweza ngongole mu 2011. Woweruza anakana, popeza lamulo la Pennsylvania linali litatseka kale njirayo, ndipo chuma cha mzindawo chinapita m'manja mwa munthu wosankhidwa ndi bwanamkubwa.